Ulendo wa ku Domwe ndi Ana

Okondedwa alongo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Beira pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kungoti Tadala chifuwa sichinamusiyebe.

Loweruka ndinapita ndi ana ku Domwe. Amalume awo anandiitana kuti tikakambe zoti ana akakhale kwawo kwa malemu mayi awo, ati mwamuna payekha sangalere ana aang'ono. M'minibasi ya chapa munali mothina, matumba a kachewere mpaka m'mawondo. Tadala anandisanzira malaya, Yosefe naye akulira njira yonse kuti akufuna kukodza.

Titatsika, Tadala anakana kuyenda. Ndinatulutsa nsalu ya kapulana ya malemu kuti ndimubereke, koma inkangomasuka. Amayi ena ogulitsa nyemba anaseka. "Bambo, mangani pachifuwa, osati pamimba ngati lamba!" Anandimangira okha.

Ndinalowa m'mudzi choncho, mwana kumbuyo, malaya akununkha. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, bwererani nawoni. Tidzakambanso tikakolola."

Ndiye ana ndili nawo mpaka nthawi yokolola. Ndatopa, alongo. Ngati mungathe, mubwere chimanga chisanaume, mudzandithandize kulankhula nawo. Muzitipempherera. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Fabiyano