Amuna anga akufuna kukaulula pagulu zoti ankasuta chamba

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti kalatayi sindikulemba ndikulira ayi. Pakhomo pathu pali mtendere, ana akukula bwino, ndipo bambo awo anenepa moti lamba wa yunifolomu ndamuboola kale kawiri. Koma pali nkhani imene yandikhala pakhosi sabata zitatu tsopano. Amayi anzanga a m'malayini a asilikali muno sindingawauze, chifukwa ikangotuluka pakamwa panga m'mawa, pofika masana ndiye kuti ndi alonda a pageti omwe aimva.

Ndine mayi wa zaka 41, ndili ndi ana awiri, onse aakazi. Wamkulu ali ndi zaka 16, wamng'ono 10. Amuna anga ndi msilikali, amayendetsa malole onyamula asilikali anzawo. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde, ndipo ntchito yanga yambiri ndi kubweza mathalauza a yunifolomu, kusokerera mabatani ndi kuika mizere ya udindo pamikono ya amene akwezedwa.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo amuna angawa anatumizidwa kunja kukagwira ntchito yosungitsa mtendere. Kumeneko anavulala msana potsitsa katundu m'lole. Adokotala anawapatsa mapilitsi opha ululu a sabata ziwiri. Atatha amenewo, mnzawo wina anawaonetsa kogula ena amphamvu kuposa aja, popanda kalata ya kuchipatala. Pobwerera kuno anali atawonjezerapo chamba, ati kuti tulo tizibwera.

Poyamba sindinadziwe kanthu. Ndinkangoona kuti munthu wasintha. Chakudya ankangochitola, supuni ikagwa pansi ankalusa, ndipo kuseri kwa bafa ankakhalitsako. Tsiku lina ndikusoka thumba la thalauza lawo limene linabooka, ndinapeza timapilitsi tokulunga m'kapepala titabisidwa mumpendero. Nditafunsa anandiyankha kuti, "Ndi za msana zimenezo, amayi. Kodi mwayamba upolisi masiku ano?" Ndinakhala chete kupitirira chaka, Aphungu, ndipo chimenechi ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Zinaululika m'mawa wina cha m'ma 7 koloko. Ankabweza lole m'mbuyo kuti aiwongolere kugeti, pamwamba pali asilikali makumi awiri opita kokaphunzira kuwombera. M'malo moponda buleki anaponda moto. Lole inakagumula kanyumba ka mlonda. Mwamwayi mlondayo analumpha, anangosupuka chigongono, ndipo amene anali pamwamba anangogundana mitu. Palibe anamwalira. Tsiku lomwelo anawayeza mkodzo, zonse n'kuonekera poyera.

Akanatha kuchotsedwa ntchito. Koma akuluakulu anayang'ana zaka zimene anagwira popanda mlandu, ndiye anangowatsitsa udindo, kuwalanda makiyi ndi kuwatumiza kuchipatala miyezi itatu. Mizere yawo itatu ya usajeni ndinaichotsa ndekha ndi lezala, nditakhala pampando womwewu umene ndimasokerapo ya anthu ena. Atabwerako anawaika kotsuka magalimoto. Munthu amene ankalamula madalaivala khumi ndi awiri anatha zaka ziwiri ali ndi ndowa ndi chisanza m'manja. Sanadandaule. Lachinayi lililonse ankapita kukaonana ndi adokotala a pabaraki pano, ndipo mpaka lero amapitabe kamodzi pamwezi popanda wowakakamiza.

Tsopano zakwana zaka zisanu ndi chimodzi asanakhudzenso kalikonse. Makiyi anawabwezera, ndipo mizere iwiri yabwerera pamkono. Loweruka amakhala nane pakhonde kusita zimene ndasoka, uku akuimba nyimbo za paperete molakwitsa dala kuti ana aseke. Anzawo anawapatsa dzina loti a Rivesi, ndipo iwo akaitanidwa choncho amavomera ndi sailuti. Wamng'ono atafunsa za dzinali anamuuza kuti, "N'chifukwa choti pabaraki yonse ino palibe wondiposa pobweza lole m'mbuyo." Tonse tinaseka. Anawa timawauza kuti nthawi ija bambo anagonekedwa chifukwa cha msana. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, amene amakhala kutali ndi kuno, nawonso amadziwa za msana basi.

Vuto langa ndi ili. Mwezi wamawa gulu la achinyamata amene angolowa kumene usilikali likumaliza maphunziro. Adokotala aja apempha amuna anga kuti akaime muholo pamaso pawo, anthu oposa mazana awiri, akafotokoze zonse zimene zinawachitikira. Ati chaka chino chokha agwira asanu ndi mmodzi ali ndi chamba, ndipo achinyamata samva zongolembedwa pabolodi.

Bambowa anafika pakhomo nkhope ili ngwee, asanavule n'komwe nsapato. Anati, "Amayi, ndavomera. Ine ndikanamva munthu wamoyo akunena zimenezi ndisanapite kunja kuja, bwenzi kanyumba kaja kalipo mpaka lero."

Ine ndinati, "Nanga ana? Mwana wanu wamkulu amayenda modzitama kusukulu kuti bambo ake ndi ngwazi. Mwaganizapo za iyeyo?"

Iwo anati, "Ndiye mukufuna azinyadira bambo wongopeka?"

Ndinangoponda makina anga osokera.

Sitinakangane, ndipo timadyera limodzi monga kale. Koma mtima wanga sukukhazikika. Mabanja ambiri amene anaona zija anasamutsidwa, amene alipo tsopano sadziwa, nkhani inazirala. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizidutsanso pakati pa malayini osayang'ana pansi. Achinyamata mazana awiri ali ndi pakamwa mazana awiri ndi mafoni mazana awiri. Ndikuopa kuti ana anga azitchedwa ana a wachamba. Ndikuopa kuti apongozi, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, amva kwa anthu apanjira. Ndipo ndisakubisireni, ndikuopanso kuti anthu adzafunsa kuti mkazi wake anali kuti nthawi yonseyo.

Ndikawaletsa mwamphamvu ndikudziwa kuti asiya, chifukwa amandimvera. Koma sindinawaonepo akuwala nkhope chonchi chibwerere kunja kuja. Kodi ndiwaletse? Kapena ndine wodzikonda pofuna kuti zakale zikhale zakale?

Mayi E.T.M., kumalayini a mabanja a asilikali

*

Mayi E.T.M.,

Makalata ambiri amene ndimalandira pa nkhani ya chamba ndi mapilitsi amafika zinthu zitatayika kale: ntchito yatha, banja labalalika, ena ali m'manda. Yanu yafika ili ndi bambo wosita zovala pakhonde. Musapeputse zimenezo. Anagwira ntchito yaikulu iwowo, nanunso munaigwira.

Simuli wodzikonda. Ndinu mayi amene anamanganso nyumba yake movutikira ndipo sakufuna kuti mphepo ilowemo. Koma yankho langa ndi lakuti musawaletse. Munthu amene amatha kunena poyera kumene anagwa amakhala woima bwino kuposa amene akubisa. Ndiponso pakati pa achinyamata aja pali wina amene ali kale ndi kapepala mumpendero, ndipo tsiku lina adzapatsidwa mfuti kapena makiyi a lole yodzaza ana a eni.

Komabe bambowa analakwitsa chinthu chimodzi. Anavomera asanakufunseni, chonsecho nkhaniyi si yawo okha. Awuzeni zimenezo mosazungulira, mopanda ukali. Kenaka muwauze kuti mukuvomera, koma pali zoyenera kuchitika kaye.

Zoyambirira ndi ana. Mayi, ndikufunseni. Wamkuluyo anali ndi zaka khumi pamene kanyumba kanagwa. Anaona bambo ake atasowa miyezi itatu, anaona mkono wa yunifolomu uli mbee, wakula akumva dzina loti a Rivesi. Mukuganiza kuti mwana wokulira m'malayini sanamvepo kanthu? Ndingadabwe kwambiri. N'kutheka kuti inu mukumubisira, iyenso akukubisirani kuti akudziwa, pofuna kukusungirani ulemu. Mukhale naye pansi sabata ino, payekha, pa nthawi imene palibe wothamangira kwina. Alankhule ndi bambo ake, inu mukhale pambali. Asakometsere, anene momwe zinayambira, zimene zinachitika pageti, ndi zimene amachita mpaka lero kuti asabwererenso. Mwanayo akakwiya, msiyeni akwiye. Akalira, msiyeni alire. Akafunsa, muyankheni zoona, ngakhale funsolo litakhala lopita kwa inu.

Wamng'onoyo safuna mbiri yonse. Mawu ochepa akwana: bambo anamwa mankhwala oipa, anadwala nawo, analandira thandizo ndipo anachira. Onse awiri muwapatse choyankha kusukulu, chachifupi, chonena mutu uli chilili: "Inde, anasiya kalekale, ndipo pano akuthandiza ena." Mwana wonyoza amasangalala akaona mnzake wadzidzimuka. Akapeza kuti mnzakeyo akudziwa kale ndipo sakuchita manyazi, chipongwe chimamuthera.

Apongozi musawauze pafoni. Mwana wawo apite yekha kapena mupite nonse, ndipo ayambire kumapeto: "Amayi, ndili bwino, ndakhala bwino zaka zisanu ndi chimodzi, koma pali zimene sindinakuuzeni." Mayi amapirira nkhani yowawa akamaimva mwana wake ali patsogolo pake wamoyo, wonenepa.

Kenaka gwirizanani malire a zokanena muholo. Akanene zawo. Maina a ana asatchulidwe, mnzawo amene anawaonetsa kogula asatchulidwe, ndipo za chaka chimene inu munakhala chete ndi zanu, sizituluka pokhapokha mutalola nokha. Ayeserere kaye kulankhula pamaso pa adokotala, ndipo apemphe kuti patsikulo mafoni asajambule. Inu kupita kapena kusapita, zili ndi inu. Mukasankha kutsala pamakina sindiye kuti mwawataya.

Za manyazi anu aja ndinene pang'ono. Munali ndi mantha, munali ndi ana aang'ono, ndipo munkaopa kuti mukalankhula ntchito itha. Akazi ambiri a asilikali, ndi amuna omwe a asilikali aakazi, amakhala chete pa zifukwa zomwezo. Dzikhululukireni. Chimene mwaphunzirapo n'choti mukadzaonanso chizindikiro, mudzalankhule tsiku lomwelo.

Ndikuchenjezeninso kuti zaka zisanu ndi chimodzi ndi zambiri, koma si chitsimikizo. Kufukula zakale pamaso pa gulu kumatha kugwedeza munthu ngakhale atatuluka muholo akumwetulira. Sabata zotsatira muziwayang'ana kadyedwe, kagonedwe ndi mtima, ndipo mwezi umenewo akaonane ndi adokotala kawiri. Msana ukadzayambiranso, dokotala aliyense amene angawaone adziwe mbiriyi asanalembe mankhwala. Dziwaninso kuti achinyamata ena ayamba kubwera pakhomo panu, ati kudzabwezetsa thalauza, chonsecho akufuna bambo. Alandireni bwino, bambo awamvetsere, koma awaperekeze kwa adokotala. Khonde lanu si chipatala, ndipo katundu wa munthu wina aliyense, kaya ndi chamba kaya mapilitsi, asasungidwe m'nyumba mwanu ngakhale ola limodzi, ngakhale atalumbira kuti akusiya mawa.

Chomaliza, ndipo apa musagonje. Ngati tsikulo lifika ana asanauzidwe, bambo asakaime muholo. Adokotala adikire gulu lotsatira. Asilikali atsopano amabwera chaka ndi chaka, koma ana anu adzamva nkhaniyi koyamba kamodzi kokha. Aimve kwa bambo awo.

Aphungu