Mphakati unabwera ndi makasu

Kandeu, Ntcheu

Okondedwa alamu a Chrispine,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani kumeneko ku Joni. Kuno ana ali bwino, kungoti Atikonda akutsokomola ndi fumbili.

Za chisankho munamva. Munthu amene ang'ono anu, bambo a Atikonda, ankamuyendera kampeni miyezi yonse ija anagwa. Kudimba bambowa anali atasiyako kale, mbatatesi ili m'tchire. Tsiku la zotsatira anyamata a chipani chopambana anadzavina pakhomo pathu mpaka kugwetsa mpanda. Chichokereni tsikulo bambowa satuluka m'nyumba, ndipo chakudya amangochiyang'ana.

Ine ndinasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Ndiye Loweruka lapitali a mphakati wathu anangotulukira ndi makasu, patsogolo pali a Goliati, omwe aja ankavala malaya a chipani chinacho. Mtima unandiwawa, moni sindinawapatse. Iwo anangoti, "Mayi, voti inatha, koma mbatatesi sidikira munthu. Tilozereni dimba." Anapalira mpaka masana, pobwerako anadzutsa mpanda, kenaka tinagwada pabwalo n'kupemphera kolona. Ndinalira, alamu, koyamba chichitikireni zonsezi. Bambowa sanatuluke, koma ndinawamva akuyankhira chapansipansi kuseri kwa chitseko.

Mukapeza mpata muwaimbire foni, inu amakumverani. Za chisankho musazitchule. Botolo la mankhwala opopera mbatatesi ndakasungitsa kwa a Goliati, ndipo iwo sanandifunse chifukwa chake. Nanunso musandifunse.

Ndine mlamu wanu,
Eliness