Kapiteni ndi Sinamoni wa Yande

Guet Ndar, Saint-Louis
9 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene Birame,

Mtendere ukhale nanu kunyanja ya eni akeyo. Kuno tadzuka bwino. Amayi nawonso aliko, kungoti mawondo aja akuwavuta ndi mphepo ya chaka chino. Nsomba zikusowa, koma sitinagonepo ndi njala, Mulungu atamandike.

Mudabwa kulandira kalata yochokera kwa ine Seynabou, mlongo wanu amene amakutherani mayunitsi ndi kulongolola. Ndapatsira mnzanu Madické, amene akubwerera kudoko lanu la Vigo mawa, chifukwa munalumbira kuti aliyense wotchula dzina la mkazi wanu Yande mumudulira foni. Pepala ndiye simungalidule. Komanso zimene ndikufuna kunenazi pakamwa sizikutuluka. Ndili ndi manyazi, achimwene, manyazi oti masiku ano popita kumsika ndikumadzera njira yakuseri.

Ndiyambe ndi Kapiteni, chinkhwe chanu chija. Ali moyo, mtima ukhale m'malo. Mukukumbukira kuti mu Disembala ndinakuimbirani ndikulira, kuti wasiya kuyankhula, akupumira kukamwa, nthenga zili nyankhalala. Ndinakuuzani kuti m'khola mwake ndapezamo timakungwa ta sinamoni, yemwe uja mkazi wanu amathira m'phala la mchewere logulitsa m'mawa. Zimenezo sindinaname. Yande ankamupatsadi kamtengo kamodzi kuti azitafuna, akuti kunola mlomo.

Chimene sindinakuuzeni ndi mmene ndinamufunsira. Tsikulo azakhali a Dieynaba anabwera ndi anzawo kudzazonda amayi, pabwalo pali podzaza. Ine ndinatulukira ndi timakungwato m'manja n'kumuponyera pamapazi.

"Mwamuna wako akuzizidwa panyanja ya azungu kuti iwe uvale, iwe uli kalikiliki kumuphera mbalame ndi zokometsera phala?"

Yande anaika pansi mbale imene ankatsuka. "Alamu, si sinamoni ayi. Bwanji tilowe m'nyumba tikakambirane awiri?"

"M'nyumba mukatani? Nena pompano, azakhali amve."

Anandiyang'ana, anayang'ana alendo aja, kenako anazyolika. Ine ndinati basi, wagwidwa. Mukudziwa inu kuti kwathu kuno mlongo wa mwamuna akayankhula, mkazi wa m'nyumba sayankha, ndipo ine udindo umenewo ndinkaunyamula ngati nduwira yatsopano. Madzulo ake ndinakuimbirani, ndipo ndinakokomeza. Ndinati ndi wosasamala, ndinati mbalame munailera zaka zonsezi amadana nayo. Inu mutatopa ndi ntchito, mtima uli m'mwamba, munamuimbira n'kumuuza mawu aja akuti mwamusiya. M'mawa mwake anamanga katundu n'kuwoloka mlatho kupita kwa amayi ake ku Sor.

Tsopano imvani mbali yanga. Mukudziwa kuti chikwatirire mwamuna wanga, bambo a Saliou, kamtsikana kaja ka ku Pikine, kwa ine amabwera masiku awiri n'kupita kukakhala awiri uko. Chimene simukudziwa n'chakuti masiku angawo anayamba kufupika. Amafika mochedwa, amadya pang'ono, m'mawa kusanache bwino nsapato zili kale kumapazi. Ine ndinati sindingagonje kwa mwana woti ndikanamubereka ndekha. Ndinatulutsa botolo langa la churayi, zofukiza zija ndimasakaniza ndekha, timitengo tonunkhira toviika m'mafuta miyezi yambiri. Kale ndinkaika kambalu kamodzi pamakala. Ndinayamba kuika chodzaza dzanja, mawindo n'kutseka, kunsi kwa chitseko n'kutsekako ndi nsanza, kuti utsi ulowerere m'makatani ndi m'zofunda.

Ndiye mphepo itayamba ndinamumvera chisoni Kapiteni pakhonde paja. Ndinati mbalame ya achimwene anga isafe ndi chisanu ine ndilipo, ndinalowetsa khola m'chipinda changa, n'kulifunditsa chitenje changa chabwino, chomwe chija ndimayanika pamwamba pa utsi. Kawiri konse ndinapeza Yande atalitulutsa panja, ndipo kawiri konse ndinamukalipira kuti asamalowe m'chipinda mwa eni ake.

Yande atachoka ndinataya sinamoni yense amene anasiya, mpaka tsabola ndinamubisa. Kapiteni ndinkangomupatsa mtedza, nthochi ndi papaya. Bambo a Saliou akakhala ku Pikine, mbalame inkadzuka n'kuyamba kudya. Akabwera kuno, inkafookanso. Ndinkaziona, achimwene, maso ndili nawo, koma ndinkati ndi sinamoni uja sanathe m'thupi. Mpaka sabata yathayi pamene ndinamupeza atagwa pansi m'khola, maso ali tsinzinu.

Ndinathamangira naye kwa dokotala wa ziweto, mayi wina wamng'ono thupi koma pakamwa pakuthwa. Atangovundukula chitenje chija anayetsemula, n'kuyetsemulanso, misozi mbwe.

"Mayi," anatero akupukuta m'maso, "kodi mbalameyi imagona m'chipinda cha mkwatibwi?"

Ine ndinayamba kufotokoza za mlamu wanga ndi sinamoni wake. Anandidula.

"Sinamoni wotani? Wa makungwa opyapyala ofumbutuka, kapena wokhuthala wolimba uja?"

"Wopyapyala. Mlamu wanga wolimbayo sagula, amati amawawa m'phala."

"Ndiye alibe mlandu ameneyo. Kamtengo kamodzi kotafuna sikapha chinkhwe. Wolimbayo ndi amene timati musamawapatse kawirikawiri. Tsabola amadya ngati maswiti, samva n'kuwawa komwe. Muziopa mapeyala, anyezi, adyo, mchere ndi khofi. Koma izi mwavalazi, mayi, izi ndiye zoopsa. Mapapo a mbalame ndi osalimba, utsi woti inu mukuti ukununkhira, iyo ukuitsamwitsa. Mumatsekula mawindo mukamafukiza?"

Ndinkalakalaka pansi patang'ambika ndilowe. Anamupatsa mankhwala, anamusunga kwa iye mpaka anayambanso kudya, ndipo pondibwezera khola chitenje changa anachiika m'jumbo n'kumanga pakamwa.

Lachiwiri ndinawoloka mlatho, khola lili pamutu. Ndinkayembekezera kuti amayi ake a Yande andithira madzi otsukira mbale, ndipo ndikanati zandiyenera. M'malo mwake anandiyalira mkeka watsopano, Yande n'kugwada kundipatsa madzi akumwa monga amachitira ndi mlongo wa mwamuna wake. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama. Titatsala awiri ndinamuuza zonse za kwa dokotala, kenako ndinamufunsa.

"Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, alamu. Agogo anga ankaweta nkhunda, utsi sankaufuna pafupi ndi khola."

"Nanga bwanji sunanene tsiku lija?"

"Ndinene chiyani pamaso pa azakhali? Kuti mukufukiza kuposa kale chifukwa bambo a Saliou mtima uli ku Pikine? Dzuwa lisanalowe zikanafika kwa mkazi mnzanuyo, ndipo akanakusekani mpaka chaka chamawa. Ndinati ndikuuzeni m'nyumba, munakana."

Achimwene, mwana uja ananyamula mlandu wanga kuti za kuchipinda kwanga zisayalidwe pabwalo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khosweyo ndinali ine. Ndinalira ngati mwana, ndinamugwira mapazi, iye n'kumandidzutsa kuti anthu angaone. Ndinamuuza kuti amange katundu tibwerere limodzi tsiku lomwelo. Anapukusa mutu.

"Inu ndakukhululukirani, alamu. Koma sindinakwatiwe ndi inu. Amene anandisiya sanandifunse ngakhale funso limodzi."

Pamenepo akunena zoona. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tadya awiri, ine ndi inu, kungoti wokupatsirani ndinali ine. Dzulo ndinaitana azakhali a Dieynaba ndi anzawo onse aja, pabwalo lomwe lija, ndipo ndinawauza ndekha za churayi ndi za ku Pikine. Pofika madzulo mkazi mnzanga anali atanditumizira kale moni wofunsa ngati mbalame yanga ikupuma bwino. Aseke, ndilibe nazo ntchito.

Ndinapitanso kwa a Imamu kukafunsa. Akuti popeza mawu aja munawanena kamodzi, Yande akadali m'miyezi itatu yodikira, ndipo pakamwa panu pomwepo pangamubweze, opanda mwambo wina uliwonse. Koma nthawiyo ikutha Ramazani isanayambe. Ikangodutsa ndiye kuti muyambirenso kufunsira ngati mlendo, ndipo amalume ake a Yande andiuza maso ndi maso kuti mtedza wa kola wofunsira mbeta wochokera kubanja kwathu sadzaulandira kawiri. Chonde, sitima yanu ikangokocheza, muimbireni. Musatume ine, musatume Madické. Ngati ukali ukadalipo, ubweretseni kwa ine, mwini wake ndine.

Amayi akupereka moni, akuti phala la m'nyumba muno silikukomanso, ndipo ponena amayang'ana ine. Mwana wanga Saliou akuti musaiwale nsapato za mpira zija. Bambo a Saliou sanapereke moni, sabata ino sanabwere.

Kapiteni ndinamusiya ku Sor, chifukwa kwa ine sakuyeneranso kukhala. Ali pakhonde pamphepo yabwino, akutafuna kamtengo kake ka sinamoni, ndipo mawu abwerera. Mukudziwa zimene amanena, zomwe zija munkafuula pachipata mukamachokera kunyanja. Mmene ndinkatsanzika anakuwa ndi mawu anu enieni, mpaka kakutsokomola kanu kaja, kuti, "Yande, ndabwera, tsekula." Ndinaona Yande atadzuka pamkeka, n'kuyenda mapazi awiri kulunjika kuchipata, kenako anakumbukira n'kukhalanso pansi. Amayi ake atumiza uthenga kuti dzulo ndi lero m'mawa zachitikanso.

Moni wa Yande mulibe m'kalata muno. Ndinamupempha, anati adzapereka yekha akafunsidwa.

Ndine mlongo wanu wokulakwirani,
Seynabou