Kope la Chitsulo

Lachiwiri, 4 Juni

Foni inalira ndili pamakwerero kulaibulale, ndikubwezera mabuku pashelefu yapamwamba. Mawu achilendo: "Kodi ndinu m'bale wa mwini foniyi?" Mng'ono wanga Chitsulo wagundidwa akuthamanga m'mawa uno. Wafera pomwepo. Munthu amene sanalawe shuga kwa zaka zisanu ndi chimodzi, yamugunda ndi lole yonyamula zakumwa zotsekemera. Akanamva akanaseka.

Ndinamaliza kaye kuika mabuku anayi amene anali m'manja. Chifukwa chake sindikuchidziwa.

Lolemba, 10 Juni

Anthu a pamaliro abalalika. Tatsala atatu: ine, Bambo, ndi mlongo wanga amene akubwerera kwawo Lamulungu.

Nkhani ndi ya Bambo. Chiwagwireni sitiroko, mbali yakumanzere sigwira ntchito, ndipo wowanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, kuchoka pampando kupita kubafa, anali Chitsulo. Ine yanga inali kuwawerengera nyuzipepala. Tinagawana bwino: iye thupi, ine mawu. Masiku ano tikuwanyamula awiri, ine ndi mlongo wanga, iwo akung'ung'udza pakati.

Mlongo wanga sanazungulire. "Achimwene, chinthu cholemera chimene inu munanyamulapo ndi dikishonale. Bambo ndiwatenga." Kwawoko ndi ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Bambo atamva anatembenukira kukhoma, kumene kuli chithunzi cha malemu Mayi. Nyumba ino akhalamo zaka makumi anayi.

Ndapempha sabata imodzi. Wavomera. Akuti Lamulungu ndidzawanyamule ndekha, iye akuona.

Lachiwiri, 11 Juni

Pansi pa bedi la Chitsulo pali zitsulo zake, nsapato zina zothamangira, ndi kope lachikuto chofiira mmene ankalembamo masewera ake. Ine khalidwe langa loipa ndi lomwe lija: buku lililonse ndimayambira tsamba lomaliza. Lomaliza kulembedwa likuti: "3 Juni. Kunyonyomala n'kudzuka ka 100, chitsulo paphewa."

Ndinavula malaya, ndinatseka chitseko, ndinafika ka 60. Palibe chinandipweteka, miyendo inangolemera pang'ono. Ndiye zaka zonsezi ankatibuulira chiyani? Anthu amasewera amakokomeza.

Lachitatu, 12 Juni

Ndabweza mawu a dzulo.

Lachinayi, 13 Juni

Lero zanyanya. Ntchafu zili ngati wina anazisinja usiku n'kuzibwezera pamalo pake. Masitepe ndikutsika chambuyo. Kuchimbudzi ndikukhala nditagwira chitseko, ngati ndikupempha chikhululukiro.

Kuntchito ndinafufuza, poti ndiye luso langa. Mabuku akuti minofu yosazolowera imang'ambika ting'onoting'ono, ululu umachedwa, umakula tsiku lachiwiri, kenako thupi limasoka lokha n'kulimba kuposa kale. Ndawerenga mitu itatu, ndikhoza kuphunzitsa ndithu. Koma kudzuka pampando ayi.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti sindikulira. Lero misozi yatuluka ndikutsika masitepe a kulaibulale, ndipo mayi wokolopa anandigwira dzanja. "Lirani bambo, chisoni chikabisidwa chimalowa m'mafupa." Sindinawatsutse. Anachoka atakhutira.

Kunyumba ndinalowa ndikuyenda ngati bakha. Bambo anandiyang'ana kuyambira pakhomo mpaka pampando, kenako mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera. Aka n'koyamba kuseka chichitikireni zija.

"Odwala tilipo awiri tsopano," anatero pang'onopang'ono. "Iwe akunyamula ndani?"

Mlongo wanga sanaseke. Wayamba kupinda malaya a Bambo.

Lachisanu, 14 Juni

Poti kunyonyomala sikukanatheka, ndinachita zimene anthu anzeru amachita: ndinatsegula kope lija kutsamba loyamba. Deti lake ndi la sabata imene Bambo anatuluka m'chipatala.

"Tsiku 1. Ka 5. Basi."

"Tsiku 3. Ndafa. Kuchimbudzi ndikugwira chitseko. Aprofesa asadziwe, andiseka."

Aprofesa ndine.

"Tsiku 4. Anamwino akuti ululu ukabwera osangogona: kuyenda pang'onopang'ono, kuthowa ndi madzi ofunda, kudya, tulo tokwanira. Kuwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Ponyamula, mphamvu ichokere m'miyendo, osati msana. Bambo aponde ndi mwendo wabwino."

"Tsiku 12. Ndawanyamula ndekha. Akuti ndikununkha thukuta."

Ine zaka zonsezi ndinkayesa kuti minofu ija inali ya pagalasi ndi atsikana. Ndinkamuseka patebulo, kumuuza kuti mutu nawonso umafuna chakudya. Dzina la Chitsulo ndinamupatsa ndine, monyoza. Iye ankangoti, "Werengani Aprofesa, werengani," n'kukawasambitsa Bambo.

Ndalira mpaka m'mimba. Ndipo minofu ya m'mimbamo nayonso ikupweteka. Kulira nako kumafuna kuyambira ka 5.

Loweruka, 15 Juni

Ndayenda mpaka pokwerera basi n'kubwerera. Ndathowa ntchafu ndi thaulo lofunda. Ululu watsika, tsopano ukungolankhula m'malo mokuwa. Ka 5, popanda chitsulo.

Mlongo wanga atapita kukagula tikiti, ndinatseka chitseko cha kuchipinda kwa Bambo. Ndinawakumbatira m'khwapa n'kukoka. Tinagwera pabedi tonse awiri, ine pamwamba.

"Sindine thumba la simenti," anatero atapuma. "Mng'ono wako uja sankandinyamula ayi. Tinkadzuka limodzi. Wowerenga ndine."

Izi m'kope mulibe. Akuti iwo amawerenga mpaka katatu, pachitatu amaponda ndi mwendo wakumanja, ndipo winayo amangowongola mawondo n'kutembenuka. Tinayesa kanayi. Kawiri zinatheka.

"Ukamuuze mlongo wakoyo kawiri kabwinoko kokha," anatero.

Lamulungu, 16 Juni

Mlongo wanga anaima pakhomo la chipinda, manja atapinda pachifuwa, chikwama cha Bambo chili pamapazi ake. Matikiti anagula awiri.

Ndinakoka mpando wawo wamatayala kufupi ndi bedi, ndinamanga mabuleki ake, ndinapinda mawondo. Ntchafu zinandikumbutsa za Lachiwiri. Bambo anaika dzanja lawo labwino paphewa panga n'kuwerenga. Pachitatu tinadzuka. Ndinanjenjemera, mpando unalira pang'ono, koma anakhala bwinobwino.

Kenako mlongo wanga anati, "Bwerezani. Kuwabwezera pabedi."

Tinabwereza.

"Bambo, mukuti bwanji inuyo?"

"Amanjenjemera," anatero Bambo. "Koma ndi wofewa. Uja anali ngati khoma, nthiti zinkandiwawa. Sindinamuuzepo."

Mlongo wanga anaseka, kenako anabisa nkhope m'malaya a Bambo amene anali pamwamba m'chikwama. Atamaliza anawabwezera mukabati limodzilimodzi. Akuti mwezi wamawa abweranso, ndipo akadzapeza ndathyoka msana sadzamvanso za wina aliyense. Tikiti yachiwiri wandisiyira, akuti ndiziika m'buku posonyeza pamene ndalekezera.

Ndaiika m'kope lofiira. Mwatsala masamba khumi ndi awiri osalembedwa, ndipo pansi pa 3 Juni ndalemba: "Ka 6."

Ululu watsala pang'ono, potsika masitepe pokha. M'nyumba tatsala awiri, ndi nsapato zake pansi pa bedi.