Fumbi la Boti M'diso la Apongozi

Amayi a mwana,

Musadzidzimuke, ndathamangira kuchipatala ndi bambo anu. Akuyenda okha, koma diso lakumanzere latupa.

Tinali kuboola zenera m'kachipinda ka boti lathu loyendera mphepo lija. Ine ndinatenga sowo ya mano ang'onoang'ono, yochedwa koma yosamwaza fumbi. Iwo akuti, "Mkamwini, ndi imeneyo tigona pano," n'kunyamula galayinda, makina odulira amagetsi aja. Magalasi otchinga maso anakana, ati saona nawo mzere. Botili ndi la faibagilasi, pulasitiki yolimba yosakaniza ndi ulusi wagalasi, ndipo ukaidula ndi galayinda, fumbi lake limauluka ngati tisingano. Ndimadziwa zimenezo, koma apongozi ungawalande chida m'manja? Pepani, ulemu wandipusitsa.

Zovala zili m'ndowa pakhondepo musazigwire ndi manja, komanso musazichapire limodzi ndi za mwana, zikuyabwa kuposa chitedze. Galayindayo muibise kutali, poti akuti mawa abwera kudzamaliza.

Chinanso, zeneralo lapotoka ngati nyanga ya mbuzi. Koma potuluka andigwira mkono, diso lili chitsinzinire, misozi ili chuchuchu, n'kundifunsa kuti, "Lawongoka?" Ndayankha kuti lawongoka. Nanunso mukabwera kudzawaona, muwauze kuti lawongoka.

Ndine mwamuna wanu woyabwidwa thupi lonse.