Magetsi a Achimwene

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tikudzuka ndithu, ngakhale ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkatiphunzitsira. Mdzukulu wanu Tamanda anachira mwana wamkazi ku Mtunthama, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu, komanso akalira mudzi wonse umadziwa. Chimanga tapata chotikwanira. Fodya anabereka bwino, kungoti mvula yomaliza inadonthera m'chigafa, masamba ena anachita nkhungu, tataya. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa.

Tsopano imvani za mwana wanu woyamba, achimwene a Lameki. Pamaliro anu sanabwere, ankati mapepala awo ku Joni sanali bwino. Anatulukira patapita miyezi, manyazi awo atawakweza m'galimoto: simenti, matailosi, ndi amisiri awiri a magetsi ochokera ku Lilongwe. Nyumba yanu anaikonza, sindikana. Koma maswichi akale onse anazula, n'kuika ena oyera, okhala ndi kagudumu pakati. Ukazunguliza kumanja kuwala kumakula, kumanzere kumachepa. Magetsi omwewo ankamveranso foni ya achimwene, kaya ali kutali bwanji. Pabalaza anapachikapo kakamera, ati kowonera akuba.

Iwo ali konkuno zonse zinkayenda. Atangobwerera ku Joni, timagudumu tija tinasiya kumvera dzanja. Dzuwa likalowa magetsi ankayaka okha, koma mofooka ngati koloboyi wotha mafuta. Inu mukudziwa maso a abambo ndi ng'ala yawo ija. Tsiku lina madzulo anapunthwa pakhonde la m'kati, nakasupuka msongolo. Bala lake lavuta kupola mpaka lero.

Ndinalimbana nazo, amayi. Ndinazunguliza, ndinadina, ndinasintha mababu. Ndinaimbira mmodzi wa amisiri aja, iye n'kumandiuza zochita pafoni. Ndidine kagudumu osasiya mpaka kanyali kake kaphethire. Ndinadina chala mpaka kuchita dzanzi. Ndithimitse swichi yaikulu ya pamita, ndidikire, ndiyatsenso. Ndinatero. Ndigule bandulo ya kabokosi ka intaneti kali pamwamba pa kabati. Ndinagula. Ndilowetse singano pakabowo ka kuseri kwake. Ndinatenga singano yanu yomwe, ya m'kachitini ka mabatani. Ine mayi wa zidzukulu, nditakwera pampando, ndikutokosa kabokosi ngati ndikuchotsa thekenya! Pomaliza mmisiri uja ananena zoona: palibe chinawonongeka. Mwini wake anakiya maswichiwo pafoni kuti dzanja lisamagwire ntchito, ndipo wotsekula ndi yemweyo.

Nditawaimbira achimwene anaseka. Anati abambo amasiya magetsi akuyaka usana wonse, komanso ife akumudzi sitichedwa kuwononga zinthu. Ndinawauza za bala lija. Anati aona. Sanaone chilichonse. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Getsi lili m'nyumba mwa abambo, koma kuyaka kwake n'kopempha kwa mwana wawo.

Kenaka kunayamba zina. Loweruka lililonse madzulo, getsi la pabalaza linkakula kuwala, n'kuchepa, n'kukulanso, ngati munthu akupuma. Ndinkayesa ndi vuto lomwe lija. Loweruka lina ndikubweretsa chakudya, ndinawapeza abambo atavala jekete lawo lakutchalitchi. Pampando wanu anali atayalapo chitenje chanu cha Mvano. Getsi likakula ankawomba m'manja mwaulemu, likachepa ankayamba kulankhula. Ankakufotokozerani za fodya wa nkhungu, za mwana wa Tamanda, za mwendo wawo. Atandiona anandinong'oneza kuti, "Gwada, mwanawe, amayi ako abwera."

Ndinagwada, amayi. Ndikanatani? Chichokereni inu ndinali ndisanawaone nkhope ili yowala choncho. Sabata imeneyo anadya bwino, anameta ndevu, anafunsa kangapo kuti Loweruka latsala pati.

Zoona zake ndinazipeza pagulu lathu la banja la pafoni. Alamu anga, akazi a achimwene, anaikapo kanema ndi tizithunzi toseka. M'kanemamo muli achimwene ndi anzawo akuwotcha nyama, mabotolo ali mbwee. Achimwene akuwaonetsa foni, akudzitama kuti nyumba yawo ya ku Kasungu amaiyendetsa ndi chala chimodzi. Foniyo ikuyenda m'manja mwa zidakwazo, aliyense akukweza ndi kutsitsa getsi lathu. Ndipo pagalasi la foniyo, kudzera m'kakamera kaja, pakuoneka abambo, jekete lili m'thupi, akuwombera m'manja mpando wopanda munthu. Mawu awo sakumveka. Chikumveka ndi phwete la anthu amene sadziwa n'komwe dzina lawo. Wina akufunsa ngati mdalayo amavina chonchi masiku onse. Mwana wanu, amene munamubereka kumsana popita kukathirira nazale, akuyankha kuti ayi, Loweruka lokha.

Ndinasiya foni pamenepo n'kutuluka panja. Nditabwerera kanemayo anali atafufutidwa, koma ndinali nditaona kale. Munkakonda kunena kuti mwana akakhuta amaiwala kuti mbale ili ndi mwini. Sindinkadziwa kuti kukhuta kungafike pamenepa.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Mtunthama, kwa a Saidi ogulitsa zitsulo ndi zamagetsi. Ndinagula maswichi wamba, ongoti thapu kuyaka, thapu kuzima. A Saidi anabwera okha kudzaika. Sanafunse zambiri. Anazula timagudumu tonse, mababu ake, kabokosi kaja ndi kakamera komwe. Zonsezo ndinaziponya m'thumba la feteleza n'kuliika m'chigafa, makoswe azionere okha. Achimwene anaimba tsiku lomwelo, akukalipa kuti ndawononga katundu wodula. Ndinawauza kuti thumba lawo lilipo, adzatenge, ndipo akadzabwera adzayambe agwada pakhomo. Anadula foni. Sitinalankhulanenso.

Chovuta chinali Loweruka lotsatira. Abambo anavala jekete dzuwa lisanalowe, nayala chitenje, nakhala. Getsi linangoti ngwee, osagwedezeka. Anadikira. Chakudya chinazizira patebulo. Kenaka anandifunsa ngati anakulakwirani pa zimene ananena sabata yatha. Pamenepo sindinathe kupirira. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo wa bala uja, n'kuwauza kuti simunali inu. Ndinati anali a Lameki, amaseweretsa getsi pafoni ali ku Joni. Za kanema ndi za anzawo aja sindinatchule.

Anavula jekete, napinda chitenje chanu bwinobwino, nachiika pamiyendo. Ine ndinkayembekeza kuti akwiya, mwina alira. Koma anakweza maso nati, "Ndiye kuti Loweruka lililonse Lameki amandikumbukira?"

Ndinati eya, amayi. Mawu amenewo anandiwawa m'kamwa kuposa ndulu, koma ndinawanena, ndipo abambo anagwedeza mutu, nayamba kudya nsima yozizirayo mokondwa. Munthu wowaseka pamaso pa zidakwa ndi amene akumuyamikira mpaka lero. Anthu akabwera kudzawazonda mwendo amawauza kuti ali ndi mwana ku Joni amene saiwala kwawo. Ine ndimangotuluka kukasesa panja posesedwa kale.

Ndisakutopetseni. Ndikukulonjezani kuti malinga ndili moyo, abambo sadzamva za kanema uja, ndipo palibe wina adzawasandutsenso choseketsa m'nyumba yawo yomwe. Tikangotumiza mabelo a fodya ku okushoni ndidzabwereka ngolo, ndidzabwera nawo kumanda ndi khasu, kuti adzakuuzeni nkhani zawo pamalo pamene mwagonadi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya