Mabotolo Pathanthwe, Tsiku Losudzula Atate

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Sinda tilipo. Mtedza unachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kudimba anatithera anyani. Esnati, chitsirizira wanu uja, ali ndi mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe.

Nkhani yaikulu ndi ya atate. Chimwalirireni inu akhala akudikira kuti asudzulidwe, abwerere kwawo ku Vubwi, poti pano anali pachikamwini. Koma amalume a Zakeyo, mlongo wanu, anakanitsitsa kuti popanda mowa sangaimirire mwambowo. Ife a mpingo mowa sitifulula, mukudziwa. Tinakokanakokana mpaka atate anayamba kuwonda, osadziwa ngati alime pano kapena kwawo.

Mwamuna wanga ndiye anapita kusitolo ku Katete n'kubwera ndi zakumwa za m'mabotolo, zothetheka palilime zija. Amalume anavomera monyinyirika, ati alawe kaye aone ngati zili ndi mphamvu.

Apa mpamene azakhali, mlongo wa atate, amene anabwera kudzawatenga, anafuna kuthandiza. Iwo ankayesa kuti zimenezi n'chimodzimodzi thobwa, loti likakhala pofunda limasasa. Mmawa wa tsikulo, osauza munthu, anakandanda mabotolo onse pathanthwe lomwe munkayanikapo ufa, dzuwa lake la Okutobala. Paja munkati safunsa anadya phula.

Dzuwa litafika paliwombo tinangomva kuphulika ngati mfuti, mbuzi n'kubalalika. Mabotolo ena anasweka, ena zitsekero zinauluka. Mwayi palibe anavulala. Aphunzitsi anatifotokozera kuti mkatimo muli mpweya wotsekeredwa, ukatenthedwa umatupa n'kusowa potulukira, choncho malo ake ndi pamthunzi kapena mumtsuko wa madzi. Otsalawo ukangotsegula thovu lonse panja, pansi n'kutsala timadzi tofunda ta shuga.

Ndinadziwa kuti basi, amalume anyamuka. Koma maso awo anali pa atate, amene anali atagwada pathanthwepo kutola magalasi ndi manja kuti adzukulu anu asaponde. Kenaka amalumewo anatenga botolo limodzi, namwa timadzito atakwinya nkhope, n'kuimirira. Anauza anthu kuti mkamwini uyu anakusungani bwino inu amayi mpaka tsiku lomaliza, alibe mlandu pamudzi pano, apite mwaufulu.

Atate ananyamuka Lolemba, khasu paphewa, mphasa pamutu pa azakhali. Ndine ndemwe ndinalimbikira kuti amasulidwe, koma ndikuuzeni zoona, amayi, mtima unandiwawa ngati ndaika maliro kachiwiri. Nyumba yanu tsopano ndi yotseka, ndipo mmawa sindidziwa woyamba kumupatsa moni.

Mvula ikangokata ndidzapita ku Vubwi kukaona ngati akudya bwino, ndipo ndidzakuuzani zonse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Marita